Khobidi Likagwa Mutu Ka 5,067 pa Maulendo 10,000, Ndiye Kuti Lili ndi Vuto?

Mu April 1940 asilikali a Germany atalowa m'dziko la Denmark, mmodzi mwa alendo amene anapanikizika kumeneko anali John Kerrich, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Iye anabadwira ku England, ndipo ku Copenhagen anangopita kukaona apongozi. Anamutsekera kumsasa wa akaidi pafupi ndi tauni ya Viborg. Nthawi inali mbwee, zochita n'zimene zinkasowa, choncho iye ndi mkaidi mnzake Eric Christensen anatenga khobidi n'kuyamba kuliponya m'mwamba, uku akulemba mbali imene yaonekera likagwa. Analiponya ka 10,000. Mbali ya mutu inaoneka ka 5,067.

Masamu amati khobidi lopanda chilema liyenera kugwa mutu theka la maulendo onse, amene pano ndi 5,000. Kerrich anapitirira ndi 67. Kodi 67 ameneyu ndi wamkulu kapena wamng'ono? Funsoli likumveka lachibwana, koma ndi lomwelo limene amakumana nalo woyesa mankhwala atsopano, wofufuza za chibadwa cha mbewu, woyang'anira fakitale ya mababu, ngakhalenso wolosera za chisankho. Aliyense wa iwo ali ndi manambala awiri m'manja: ina yochokera m'masamu, ina yochokera mu sampulo, kagawo kochepa kaja kamene wakwanitsa kuwerenga. Manambala awiriwa safanana ndendende kawirikawiri. Ndipotu mwayi woti khobidi labwinobwino ligwe mutu ka 5,000 ndendende pa maulendo 10,000 sufika ndi 1 peresenti yomwe. Ndiye kungoona kuti zasiyana sikutiuza kanthu. Pagona nkhani m'poti zasiyana mochuluka bwanji, tikayerekezera ndi kusiyana kumene kumabwera kokha mwangozi.

Nambala ya m'masamu ija imatchedwa chiwerengero choyembekezeka, ndipo kuipeza si ntchito. Mumatenga chilichonse chimene chingachitike, n'kuchichulukitsa ndi mwayi wake, kenako n'kuphatikiza zonse. Dayisi lili ndi mbali 6, iliyonse ndi mwayi wa 1 pa 6. Mukaphatikiza 1, 2, 3, 4, 5 ndi 6 mupeza 21, mukagawa ndi 6 mupeza 3.5. Palibe dayisi limene linagwapo 3.5 chikhalire. Imeneyi ndi avereji imene mungayandikire mutaliponya tsiku lonse. Maganizo amenewa anabadwira pa juga. Mu 1654 Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat ankalemberana makalata okambirana mmene anthu angagawanire ndalama zobetcha masewera akadukizidwa pakati, ndipo mu 1657 Christiaan Huygens anasindikiza kabuku kofotokoza njirayi mwadongosolo.

Nyumba za juga zimadya kudzera pa nambala imeneyi. Gudumu la ruleti la ku Ulaya lili ndi timabowo 37: tofiira 18, takuda 18, ndi kamodzi kobiriwira ka ziro. Mukabetcha ndalama 100 pa tofiira, muli ndi mwayi wa 18 pa 37 wopindula 100, ndi mwayi wa 19 pa 37 woluza 100. Mukawonkhetsa, mupeza kuti pa avereji mukuluza 2.7 pa 100 iliyonse imene mwaponya patebulo. Munthu mmodzi akhoza kutuluka ali mwaa usiku wina, koma mwini nyumbayo sadandaula, chifukwa sampulo yake ndi ya maulendo mamiliyoni, ndipo sampulo yaikulu chonchi imakakamira pafupi ndi chiwerengero choyembekezeka.

Amene anatsimikizira zimenezi m'masamu anali Jacob Bernoulli wa ku Basel, m'buku limene linatuluka mu 1713 iye atamwalira kale. Mfundo yake ndi yoti maulendo akamachuluka, gawo la zimene mwaona limayandikira mwayi weniweni. Koma anthu ambiri mfundoyi amaimva mobwerera. Amaganiza kuti khobidi likagwa mutu kambirimbiri motsatizana, ndiye kuti lili ndi ngongole ya mbali inayo ndipo liyenera kubweza. Nkhani imene imasimbidwa kwambiri pa zimenezi ndi ya ku Monte Carlo pa 18 August 1913, pamene kampira ka ruleti kanagwera pakuda ka 26 motsatizana. Obetcha anakhuthula matumba pa tofiira, poganiza kuti nthawi yake yakwana. Gudumu silikumbukira kanthu. Pa ulendo wa 20, mwayi wa tofiira unali 18 pa 37, chimodzimodzi ndi pa ulendo woyamba. Zimene zapitirira poyamba sizibwezedwa. Zimangosungunuka, ngati dontho la utoto limene silichoka m'madzi koma limaleka kuoneka madziwo akachuluka.

Manambala a Kerrich akuonetsa zimenezi bwinobwino. Ataponya ka 100 anali ndi mitu 44, kupereweza ndi 6. Atafika pa 10,000 anali atapitirira ndi 67. Tikawerenga mitu, kusiyana kunakula kuwirikiza kopitirira ka 10. Tikawerenga maperesenti, kunatsika kuchoka pa 6 kufika pa 0.67. Zonse ziwirizi n'zoona pa nthawi imodzi, ndipo munthu akazimvetsa ndiye kuti wagwira theka la phunziro lonseli.

Theka linalo ndi muyezo. Kuti tidziwe ngati kusiyana kuli kwakukulu, tifunika kudziwa kukula kwa kusiyana kwa masiku onse, kumene kumabwera ngakhale palibe cholakwika chilichonse. Akatswiri amakutcha standard deviation, koma m'nkhani ino tizingoti muyezo. Pa zinthu zimene zimangokhala inde kapena ayi, kapezedwe kake ndi aka: chulukitsani chiwerengero cha maulendo ndi mwayi woti chinthucho chichitike, muchulukitsenso ndi mwayi woti chisachitike, kenako mupeze sikweya ruti ya yankholo, kutanthauza nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka yankholo. Kwa Kerrich, 10,000 kuchulukitsa ndi theka, kuchulukitsanso ndi theka, yankho ndi 2,500, ndipo sikweya ruti yake ndi 50. Abraham de Moivre anaonetsa mu 1733 mmene zotsatira zimamwazikira mozungulira chiwerengero choyembekezeka maulendo akachuluka. Pafupifupi 68 peresenti ya masampulo amagwera mkati mwa muyezo umodzi, uku kapena uko, ndipo pafupifupi 95 peresenti amagwera mkati mwa miyezo iwiri. Choncho anthu 100 ataponya aliyense ka 10,000, pafupifupi 95 mwa iwo angapeze mitu yapakati pa 4,900 ndi 5,100. Kusiyana kwa Kerrich ndi muyezo umodzi ndi kachidutswa, 1.3. Mwa anthu 100 aja, pafupifupi 18 angatalikire chonchi kapena kuposa pamenepa. Khobidi lake lilibe mlandu.

Sikweya ruti imeneyi ndi yaukali. Pa maulendo 100 muyezo ndi 5, pa 10,000 ndi 50, pa 1,000,000 ndi 500. Muyezowo ukukula, koma m'maperesenti ukuchepa, ndipo ukuchepa pang'onopang'ono. Kuti muchepetse kusatsimikizika kwanu ndi theka, kuwirikiza sampulo kawiri sikukwanira, muyenera kuiwirikiza kanayi. Kuti kuchepe ka 10, sampulo ikule ka 100. N'chifukwa chake ofufuza maganizo a anthu amakonda kuima pa anthu 1,000 kapena kupitirirako pang'ono. Pamenepo miyezo iwiri ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo kuti itsike kufika pa 1 peresenti pangafunike anthu pafupifupi 10,000, ntchito yowirikiza ka 10.

Tsopano taonani nkhani ya Walter Frank Raphael Weldon, katswiri wa zamoyo wa ku England. Mu 1894 iye analembera wasayansi mnzake Francis Galton kalata yofotokoza ntchito yotopetsa imene anagwira: anaponya madayisi 12 pamodzi ka 26,306, n'kumawerenga amene agwa 5 kapena 6. Tikachulukitsa, madayisi onse amene anagwa ndi 315,672. Mbali ziwiri mwa 6 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye chiwerengero choyembekezeka ndi 105,224. Weldon anapeza 106,602. M'maperesenti, ndi 33.77 m'malo mwa 33.33. Munthu woyang'ana mothamanga anganene kuti izi zagwirizana bwino kuposa za Kerrich, popeza Kerrich anasiyana ndi 0.67 pamene Weldon wasiyana ndi 0.44 yokha.

Koma tiyeni tipeze muyezo. Tikachulukitsa 315,672 ndi 1 pa 3, kenako ndi 2 pa 3, tipeza pafupifupi 70,149, ndipo sikweya ruti yake ndi pafupifupi 265. Weldon anapitirira ndi 1,378, imene ndi miyezo yoposa 5. Mwayi woti madayisi abwinobwino atalikire chonchi pa sampulo ya kukula kumeneku sufika ndi 1 pa 1,000,000 yomwe. Kusiyana kwa 0.67 peresenti kunali kopanda kanthu, kwa 0.44 peresenti n'kumene kuli ndi nkhani, ndipo chasiyanitsa ndi kukula kwa sampulo basi. Katswiri wa masamu Karl Pearson anagwiritsa ntchito manambala a Weldon omwewa mu 1900 pofotokoza njira yake yatsopano yoyesera ngati zooneka zikugwirizana ndi zoyembekezeka, ndipo anapeza kuti madayisiwo anali okondera.

Chifukwa chimene ambiri amapereka chimaoneka mukangotenga dayisi wamba m'manja. Timadontho take ndi timaenje tokumbidwa. Mbali ya 6 ili ndi timaenje 6, ndipo kuseri kwake kuli mbali ya 1 ya kadzenje kamodzi. Mbali ya 5 ili kuseri kwa 2. Mbali imene yakumbidwa kwambiri imapepukirako, yolemera imakonda kukhala pansi, motero 5 ndi 6 zimayang'ana kumwamba kochulukirapo pang'ono. Madayisi a m'nyumba za juga amadzazidwa timaenjeto ndi zinthu zolemera mofanana ndi dayisi lenilenilo pofuna kutseka mpata umenewu. Komabe dziwani kuti kufotokoza kumeneku sikunachokere m'masamu aja. Miyezo 5 imangonena kuti penapake pa zimene tinaganiza pali polakwika. Kaya ndi madayisi, kaya ndi kaponyedwe, kaya ndi maso a wowerenga amene watopa, zimenezo masamu sanena. Munthu amayenera kukafufuza yekha.

Nthawi zina maulosi amakhala awiri, ndipo sampulo imaitanidwa kuti iweruze. Mu 2007 Persi Diaconis, Susan Holmes ndi Richard Montgomery anafotokoza kuti khobidi loponyedwa ndi chala silizungulira mowongoka, limapendekeka likamazungulira, moti mbali imene inali pamwamba poyamba imakhala pamwamba nthawi yotalikirapo pang'ono. Iwo analosera kuti khobidi limagwa mbali yomwe linayambira pafupifupi 51 peresenti ya maulendo, osati 50. Maulendo 10,000 sangathetse mkangano umenewu, chifukwa pamenepo muyezo ndi theka la peresenti, ndipo 50 ndi 51 zatalikirana miyezo iwiri yokha. Mu 2023 gulu lotsogoleredwa ndi František Bartoš wa pa yunivesite ya Amsterdam linatulutsa zotsatira za maulendo 350,757 amene anthu 48 anaponya. Pa sampulo yotere muyezo ndi wosakwana 0.1 peresenti. Anapeza 50.8 peresenti, pafupi ndi ulosi wa 51 ndipo kutali ndi 50. Anapezanso kuti anthu amasiyana: ena kupendekekako kunalibe n'komwe, ena kunali kwakukulu. Mutu ndi mbali inayo zinalinganabe, chifukwa kukonderako kumatsata mbali yoyambira, osati chithunzi chimene chili pakhobidipo.

Mpaka pano takamba za inde kapena ayi. Nanga magulu akakhala ambiri? Apa m'pamene njira ya Pearson, yotchedwa chi-square, imagwira ntchito, ndipo chitsanzo chabwino ndi nsawawa za Gregor Mendel, wansembe amene ankalima m'munda wa nyumba ya amonke ku Brno. Mu lipoti lake la 1866 muli kuyesa kumene anatsata zinthu ziwiri pamodzi, kaonekedwe ka njere ndi mtundu wake. Mfundo yake ya chibadwa cha mbewu inkalosera kuti pa njere 16 zilizonse, 9 zikhala zosalala zachikasu, 3 zamakwinya zachikasu, 3 zosalala zobiriwira, ndipo 1 yamakwinya yobiriwira. Anawerenga njere 556. Tikazigawa motsata ulosiwo, tiyembekezera 312.75, 104.25, 104.25 ndi 34.75. Iye anapeza 315, 101, 108 ndi 32.

Pa gulu lililonse, tengani kusiyana, kuchulukitseni ndi iko komwe, kenako mugawe ndi chiwerengero choyembekezeka. Gulu loyamba lasiyana ndi 2.25, amene akachulukitsidwa ndi iye yemwe amapereka 5.06, ndipo tikagawa ndi 312.75 tipeza 0.016. Lachiwiri lasiyana ndi 3.25 ndipo lipereka 0.101. Lachitatu lasiyana ndi 3.75 ndipo lipereka 0.135. Lomaliza lasiyana ndi 2.75 yokha, koma ndi limene likupereka zambiri, 0.218, chifukwa kusowa kwa njere zitatu pa 35 n'kolemera kuposa kusowa kwa zitatu pa 300. Kugawa kuja cholinga chake n'chimenechi. Zonse pamodzi ndi 0.47.

Nambala imeneyinso ili ndi chiwerengero chake choyembekezeka. Pa magulu anayi, atatu okha ndi amene ali omasuka, chifukwa mukadziwa atatu ndi chiwonkhetso cha 556, lachinayi mwalidziwa kale. Ulosi ukakhala woona, chi-square amakhala pafupifupi 3 pa avereji, ndipo amapitirira 7.81 kamodzi kokha pa maulendo 20. Mendel ali pa 0.47. Palibe chotsutsa mfundo yake pamenepa ngakhale pang'ono.

Vuto lake n'lakuti pafupifupi kuyesa kwake konse kunatuluka bwino chonchi. Weldon yemwe uja anali ataona kale mu 1902 kuti manambala a Mendel akuyandikira ulosi modabwitsa, ndipo mu 1936 katswiri wina wa masamu, Ronald Fisher, anaphatikiza zonse. Pamene chi-square wa zoyesa zonse anayenera kukhala pafupifupi 84, anapeza 41.6. Malinga ndi kuwerengera kwake, kugwirizana kokongola chonchi kungachitike mwangozi pafupifupi ka 7 pa maulendo 100,000. Fisher sankakayikira mfundo za Mendel, ankakayikira manambala, ndipo anaganiza kuti mwina wothandizira wina amene ankadziwa zimene bwana wake akuyembekezera anakonzako zina. Ena pambuyo pake ananena kuti njere yokayikitsa, yosadziwika ngati ndi yosalala kapena yamakwinya, imatha kuponyedwa ku mulu umene ukupereweza popanda munthu kudziwa kuti akukondera. Enanso anati mwina Mendel analemba zoyesa zimene zinatuluka bwino n'kusiya zina. Mkanganowu sunathe, ndipo ine ndimaona kuti mawu akuti chinyengo ndi olemera kwambiri kwa munthu amene ankawerenga njere zikwizikwi ndi maso njira zowerengera zimenezi zisanabadwe. Koma mfundo ya Fisher payokha ndi yolimba. Ulosi wa masamu sungonena pakati pamene zotsatira ziyenera kuzungulira, umanenanso kuchuluka kwa kumwazikana kwake. Sampulo imene siikumwazikana mokwanira yasemphana ndi ulosi chimodzimodzi ndi imene yamwazikana mopitirira.

Aphunzitsi a masamu amagwira nazo ana aulesi zimenezi. Akawapatsa ntchito yoponya khobidi ka 200 kunyumba, amene angopeka amaopa kulemba mbali imodzi ka 6 motsatizana, poganiza kuti zioneka zabodza. Chonsecho pa maulendo 200 enieni, mwayi woti mbali imodzi ibwere ka 6 kapena kuposa motsatizana penapake ndi woposa 95 peresenti.

Maso athu amatinamizanso mbali ina: timaona dongosolo pamene palibe. Mu 1944 Germany inayamba kuponya mabomba ouluka a V-1 mumzinda wa London, ndipo anthu ankaona kuti akugwa mounjikana, dera lina kambirimbiri, lina osakhudzidwa. Zinkaoneka ngati alipo malo amene akulunjikidwa mwadala. R. D. Clarke, katswiri wa masamu a inshuwalansi, anatenga dera la kummwera kwa London lokwana masikweya kilomita 144, n'kuligawa timabokosi 576 tofanana, ndipo anawerenga mabomba 537 amene anagweramo. Pa avereji ndi bomba limodzi losakwanira pa kabokosi, 0.93. Kenako anafunsa kuti: mabombawa akanakhala kuti akungogwa chigwereigwere, ndi timabokosi tingati timene tikanapulumuka, ndi tingati timene tikanalandira limodzi, awiri, atatu? Yankho limachokera ku njira imene Siméon Denis Poisson anafalitsa mu 1837, yowerengera zinthu zochitika patalipatali.

Zimene anasindikiza mu 1946 n'zochititsa chidwi. Timabokosi topanda bomba tinayembekezeka kukhala pafupifupi 227, ndipo tinapezeka 229. Ta bomba limodzi, 211 ndi 211. Ta awiri, pafupifupi 99 poyerekezera ndi 93. Ta atatu, pafupifupi 31 poyerekezera ndi 35. Ta anayi, 7 ndi 7. Kabokosi kamodzi kanalandira mabomba 5 kapena kuposa, pamene ulosi unali pakati pa kamodzi ndi tiwiri. Kuunjikana kunalipodi, anthu sananame. Kungoti kuunjikana kwa mlingo umenewo n'kumene kumabwera zinthu zikamagwa mwachisawawa. Chikanakhala chodabwitsa n'choti kabokosi kalikonse kalandire bomba limodzilimodzi. Zimenezi sizikutanthauza kuti mabombawo sankalunjikidwa ku London, ayi ndithu, ankalunjikidwa. Zikungosonyeza kuti mkati mwa dera limenelo, panalibe umboni woti msewu wina ukusankhidwa kuposa unzake.

Kodi malire ali pati, pamene tinganene kuti kusiyana kwakula moti sitingakhulupirirenso kuti kwangochitika? Chizolowezi chimene chinafala kuchokera kwa Fisher m'ma 1920 ndi cha 5 peresenti, kapena kuti pafupifupi miyezo iwiri. Ndi mgwirizano wa anthu chabe, si lamulo la chilengedwe, ndipo uli ndi mtengo wake. Mukayesa zinthu 20 zimene zilibe vuto lililonse, chiwerengero choyembekezeka cha zimene zidumphe malirewo ndi 20 kuchulukitsa ndi 0.05, yankho 1. Mwayi woti chimodzi kapena zingapo zidumphe ndi pafupifupi 64 peresenti. Wofufuza amene wayesa zinthu 20 n'kulengeza chimodzi chimene chatuluka sananame pa nambala iliyonse, komabe watisocheretsa. Akatswiri a fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono, amene amasanthula manambala ankhaninkhani, anakweza malire awo kufika pa miyezo 5. Pa 4 July 2012, pamene bungwe la CERN ku Geneva linalengeza za kanthu katsopano kogwirizana ndi Higgs boson, kanthu kakang'onong'ono kamene akatswiri anali atalosera kale kuti kaliko, linali litafika pamenepo, mlingo umene umangochitika mwangozi pafupifupi kamodzi pa maulendo 3,500,000.

Palinso msampha wa kamvedwe umene umagwetsa ngakhale ophunzira kwambiri. Tikati 18 peresenti pa khobidi la Kerrich, sitikunena kuti mwayi woti khobidilo ndi labwino ndi 18 peresenti. Tikunena kuti, likakhala labwino, kusiyana kotere kumaoneka ka 18 pa 100. Ziganizo ziwirizi zikumveka ngati chimodzi koma n'zosiyana kutalitali. Ndiponso sampulo ikagwirizana ndi ulosi, sikuti yautsimikizira. Mitu 5,067 ikugwirizana ndi khobidi la 50 peresenti, koma ikugwirizananso ndi la 51 peresenti, limene chiwerengero chake choyembekezeka ndi 5,100. Chimene sampuloyo yakana ndi khobidi la 55 kapena la 45. Sampulo imapanikiza choonadi m'kampata, ndipo kukula kwa kampatako n'kumene wofufuza woona mtima amalemba pambali pa nambala yake.

Masamu onsewa amatsamira pa chinthu chimodzi chimene sichioneka m'manambala: kuti sampuloyo inatengedwa mosakondera, ndipo ulendo uliwonse sukhudza unzake. Zimenezi zikasokonekera, sikweya ruti ija imakhala yonama, ndipo kukula kwa sampulo kumangowonjezera chidaliro pa yankho lolakwika. Chisankho cha pulezidenti wa America cha 1936 chisanachitike, magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10,000,000 ofunsa anthu amene adzamuvotere, ndipo oposa 2,000,000 anayankha. Pa sampulo yotere muyezo ndi pafupifupi 0.03 peresenti, wochepa moti munthu angalumbire kuti palibe cholakwika chimene chingachitike. Magaziniyo inalosera kuti Alf Landon apambana ndi 57 peresenti, Franklin D. Roosevelt apeza 43. Roosevelt anapeza pafupifupi 61 peresenti ya mavoti n'kupambana m'zigawo 46 mwa 48.

Mayina anatengedwa m'mabuku a manambala a telefoni, m'kaundula wa eni magalimoto ndi pamndandanda wa olembetsa magaziniyo, pa nthawi ya mavuto aakulu azachuma pamene osauka ambiri analibe foni kapena galimoto, ndipo osaukawo ndi amene ankakonda Roosevelt. Kuwonjezera apo, mwa anthu anayi alionse amene analandira kalata, atatu sanayankhe, ndipo kafukufuku wapambuyo pake anaonetsa kuti otsatira Landon ndi amene ankafulumira kubweza makalatawo. Palibe njira ya chi-square kapena ya muyezo imene ikanaulula zimenezi kuchokera m'makalata obwezedwawo, chifukwa vutolo linali mwa anthu amene sanawerengedwe. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekezera koma anayesetsa kuti akhale ochokera m'magulu osiyanasiyana a anthu, analosera molondola kuti Roosevelt apambana, ngakhale kuti nayenso anamuchepetsera mavoti ndi maperesenti angapo. Literary Digest inasiya kutuluka mu 1938.